Anamubisa m'chipinda cha matayala

Panali munthu wina, makaniko wa pagalaja inayake. Nkhaniyi ndaimva kwa munthu amene ankagwira naye ntchito, ndipo ankaifotokoza misozi ili mbwembwembwe.

Makanikoyu anali katswiri, koma pa mowa analinso katswiri. Kenaka anayamba kuwonda, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi. Mkazi wake anamukokera kuchipatala, ndipo anamupeza ndi matenda a shuga. Nesi anamukhazika pansi.

"Bambo, chakudya chimene mumadya chimasanduka shuga n'kulowa m'magazi. M'mimbamu muli kapamba, amene amatulutsa insulini. Insuliniyo ndi imene imatsegulira shuga njira yochoka m'magazi kukalowa m'minofu kuti mupeze mphamvu. Kapamba wanu wasiya ntchito, ndiye muzidzibaya jakisoni. Koma mvetsetsani. Kapamba amadziwa ngati mwadya kapena simunadye. Jakisoni sadziwa. Mukabaya osadya, shuga atsika mpaka ubongo kusowa chogwirira ntchito. Mudzanjenjemera, mudzatuluka thukuta, mudzayankhula ngati woledzera. Anzanu a kuntchito adziwe zimenezi."

Mowa anasiyadi tsiku lomwelo. Koma zouza anzake, ayi ndithu.

"Bambo a ana, uzaniko ngakhale mmodzi yekha," anachonderera mkazi wake.

"Kuti bwana amve kuti ndikudwala, andichotse ntchito? Ana adya masipanala? Zisiyeni, mayi. Ndine wamkulu ine."

Kuntchito anangoti mowa wamukwana. Mnzake wapamtima, wowotcherera zitsulo, ankamuseka tsiku ndi tsiku. "Iweyo kusiya mowa? Tiona ngati mwezi uthe!"

Tsiku lina m'mawa anadzibaya jakisoni monga mwa masiku onse. Asanakhale n'komwe pansi, foni inalira. Anali bwana: lole ya kasitomala wamkulu yafa giyabokosi, ikufunika ituluke lero lomwe. Makaniko ananyamula ovolosi n'kuthamanga, tiyi ndi buledi zili pa tebulo.

"Idyani kaye!" anakuwa mkazi wake.

"Ndikadya komweko!"

Sanadye. Anafikira pansi pa lole, ndipo ntchito yolemetsa inapitiriza kumutha shuga wotsala uja. Dzuwa lisanafike pamutu, sipanala inayamba kumupulumuka m'manja. Anatuluka pansi paja ali thukuta kamukamu, akudzandira. Wopenta magalimoto atamufunsa kuti zili bwanji, anamutukwana ndi mawu osamveka.

"Aaa, suja ndinanena ine? Wayambiranso," anatero wowotcherera uja.

"Koma sakununkha mowa," anatero wopenta.

"Ndi dizilo yemwe wadzolayu ungamve fungo lanji? Gwira miyendo. Bwana akamuona chonchi, ntchito yatha."

Bwanayo anali atanenetsa kuti aliyense wopezeka ataledzera pagalaja azilongedza pomwepo. Ndiye anzake aja, chifukwa chomukonda, anamunyamula n'kukamugoneka pa makatoni m'chipinda chosungira matayala akutha. Makaniko anagwira mnzake malaya, milomo ikugwedera, kufuna kunena kanthu.

"Gona, aise, uthokoza ukadzuka," anatero wowotcherera, n'kutseka chitseko.

Bwana atafunsa, anamuuza kuti wapita kukasaka sipeya. Iwo anagawana ntchito yake, kuigwira mwakhama kuti mnzawo asayaluke.

Masana foni ya makaniko inalira pa benchi. Wowotcherera anayankha.

"Alamu, ndimafuna ndimve ngati adya," anatero mkazi wa makaniko uja.

"Adya, alamu, musadandaule. Panopa ali pansi pa lole, manja ali ndi girisi."

Abale anga, bodza limeneli! Mayi uja akanangomva mawu amodzi oti amuna anu akudzandira, akanakuwa pa foni pomwepo kuti apatseni shuga. Koma anathokoza n'kudula, mtima uli m'malo.

Nthawi yoweruka anatsegula chitseko chija akuseka. "Dzuka, chidakwa, lole yako takumalizira!" Zii. Anamugwedeza, anamuthira madzi kumaso, koma munthu anangoti lobodo, thupi lili lozizira, akupumira patali. Apa mpamene anathamangira kwa bwana kukaulula, ndipo bwana yemweyo anamunyamula pa galimoto yake kupita naye kuchipatala.

Madokotala anayesetsa, koma ubongo unali utakhala nthawi yaitali wopanda shuga. Sanatsegulenso maso. Anamwalira patapita masiku ochepa, kusiya mkazi ndi ana atatu.

Dokotala atafunsa mmene zinayambira, wowotcherera anafotokoza zonse, osabisa.

"Pamene munkamunyamula anali maso? Ankatha kumeza?"

"Eya, adokotala."

"Kapu ya madzi osungunulira shuga ikanamudzutsa pomwepo."

Wowotcherera anakhala pansi m'khonde la chipatala n'kulira mokweza ngati mwana. Bwana anangogwira pakamwa. "Ine ndimachotsa oledzera, osati odwala. Bwanji sanandiuze?"

Mkazi wa malemu sanakalipe. Anapita pamene panakhala wowotcherera, n'kumufunsa motsitsa mawu:

"Alamu, pamene munkandiuza kuti adya, anali akupumabe?"

Wowotcherera anagwedeza mutu kuvomera. Mayi uja anatembenukira kukhoma, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka panja.

Phunziro: Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati uli ndi matenda a shuga, uza anthu amene umakhala nawo tsiku lonse, ndipo usabaye insulini n'kudumpha chakudya. Nawenso ukaona munthu akunjenjemera, akutuluka thukuta, akudzandira, usafulumire kunena kuti waledzera, ndipo usamusiye yekha. Ngati akutha kumeza, mupatse chotsekemera. Ngati wakomoka, usamumwetse kanthu, thamangira naye kuchipatala. Tumizira abale ndi anzako a kuntchito nkhaniyi, mwina amene umadya naye masana akubisa zomwezi.