Kabotolo Kofiira ka Tisiyenji

Kabotolo kanafiiranso.

Tisiyenji Nyirenda anakachotsa pamoto n'kukayang'ana ngati munthu wopeza mbuzi yomweyomweyo m'munda mwake. Anzake onse anali atakweza timabotolo tawo, tabuluu bwinobwino.

Phunzirolo silinali lovuta. A Goma, mphunzitsi amene koleji ina ya ku Chipata inawatumiza ku Chama m'chaka cha 1994 kudzaphunzitsa kemisitiri woyambira kwa othandiza m'makiliniki, anali atalifotokoza mpaka mawu kusasa. Pali mankhwala abuluu. Ukawathira m'madzi a shuga wa gulukosi n'kutenthetsa, amafiira ngati njerwa. Ukawathira m'chinthu chopanda shuga, sasintha. Chopanda shugacho, aliyense ankadzibweretsera m'kakapu: mkodzo wake.

Kwa Tisiyenji, timabotolo tonse tiwiri tinkafiira.

"Mayi Nyirenda, kutsuka botolo n'kofunanso koleji?" anatero a Goma akupukuta thukuta m'khosi. "Dzana, dzulo, lero. Munthu wosasamala sindipita naye ku Chipata. Angakatiphere odwala."

Malo okapitiriza maphunziro ku Chipata anali ochepa, ndipo aliyense ankadziwa. Tisiyenji anali atasesa kiliniki ya ku Chikwa mpaka msana kupindika. Ana anawasiya kwa mng'ono wake. Akalephera apa, ndiye kubwerera kutsache mpaka ukalamba.

Anakhala pansi. Malata ankathetheka ndi dzuwa la Okutobala, kukhosi kuli gwa ngakhale anali atamaliza yekha jagi ya madzi. Zikope zinkalemera. Mutu wa zaka makumi anayi ndi mabuku, iye ankati, n'chimodzimodzi khasu ndi mwala.

Koma kutsuka ankatsuka. Apo pokha sakanalola munthu kumunamizira.

"Amai, manje muzichepetsako tiyi," ananong'ona Justin, mnzake wa pa benchi, wa ku Kambombo. "Zala zanu zonse ni shuga yekayeka."

Tisiyenji anacheuka. Justin anali kunyambita chala, ndipo chitini cha gulukosi chinali pafupi ndi chigongono chake, chosatseka. Dzulonso chinali pomwepo. Pa mayeso olemba, Justin ankabwera pambuyo pake penipeni. Tisiyenji akagwa, wokwera basi ya ku Chipata ndi ndani?

Anaimirira, mpando n'kugwa.

"Aphunzitsi, wondiwonongera ndi uyu. Akumandithirira m'kabotolo ndikatuluka."

"Ine? Amai, nanyambita chabe! Njala!"

Kalasi inaseka. A Goma sanaseke. Anali atatopa ndi kutentha, ndi nyemba za tsiku ndi tsiku, ndi anthu akuluakulu okangana ngati a giredi wani.

"Justin, kakhale pansi pa mtengo wa mango. Ndikapeza kuti n'zoona, utenge njinga yako lero lomwe."

Chitinicho anachitsekera m'kabati, kiyi m'thumba. Anapatsa Tisiyenji kakapu katsopano, naye anapita kuseri n'kubwerako. A Goma anatenga kabotolo kosagwirapo ntchito, kochokera m'katoni. Anathira okha mankhwala, anadontheza okha madontho, anayatsa okha kanyale ka sipiriti.

Tisiyenji anapinda manja pachifuwa. Pawindo ankamuona Justin atazolika, akujambula pansi ndi kamtengo. Chisoni analibe nacho. Wazifuna yekha.

Madziwo anayamba kuwira. Buluu uja anasanduka wobiriwira, kenaka wachikasu, kenaka njerwa.

A Goma anazimitsa kanyale. Anayang'ana kabotoloko, kenaka anayang'ana Tisiyenji nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba.

"Muitaneni Justin alowe," anatero motsitsa mawu. "Mayi Nyirenda, masiku onsewa munkakhoza, wolephera ndinali ine. Tiyeni kuchipatala. Shuga uyu ndi wa m'thupi mwanu."