Mankhwala a Lonjezo

Chipezereni madokotala a maganizo kuti Lonjezo akudwala matenda a magemu, foni yake inkazima yokha ikakwana folo koloko masana. Mankhwala ake, malinga ndi lamulo latsopano, anali amodzi okha: bambo ake azikhala naye ola lathunthu tsiku lililonse, akucheza, wina osagwira foni.

Sungeni, mlongo wake, ankawasuzumira pawindo akusewera bawo pansi pa mtengo wa mapeyala, bambo akuseka mpaka kutsokomola. Koma iye, mwana wokhoza bwino m'kalasi, amene sanasewerepo gemu chibadwire, bambo ankangomufunsa kuti, "Mbale zija watsuka?"

Madokotala aja atabweranso m'mudzimo Lachinayi, anamuyeza nayenso Sungeni n'kumwetulira. "Uyu ali bwinobwino. Sakufunika chilichonse."

Mawu amenewo anamuwawa kuposa mbama.

Anthuwo atangochoka, Sungeni anatenga foni yake n'kukamupeza Lonjezo pakhonde.

"Achimwene, gemu inakudwalitsani ija mundiikire muno."

"Iwe, wapenga? Ndi yoipa imene ija."

"Ndikudziwa," anatero Sungeni, maso ali pa kampando ka bambo pansi pa mpeyala paja. "Zimatenga masabata angati kuti munthu adwale?"