Delvene Anangochotsa Muvi

Panali mtsikana wina dzina lake Delvene, wochokera kumudzi wina kumadzulo kwa tauni ya Alice Springs, ku Australia. Iye ankaphunzira kupanga masamba a pa intaneti kukoleji ina ku Adelaide. Pa mayeso omaliza anaganiza zomanga dziko lakwawo m'kompyuta. Munthu ukavala magalasi ena apadera unkapezeka uli mumtsinje wouma wakwawoko, n'kumayenda motsatira mivi yolozera njira.

Patchuthi anajambula mtsinje wonse. Anajambulanso bambo ake aakulu, amuna awo a mayi ake aakulu, a Noreen, atakhala pansi pa bulugamu wakuseri kwa thanthwe, akufotokoza pokumba madzi.

"Undijambule mbali iyi, mwana iwe," ankatero bambowo. "Mbali inayi mano anasamuka kalekale."

Dzina lawo sititchula, poti anatisiya mayeso atatsala pang'ono. Tsopano ndi a Kumanjayi, monga amatchulira aliyense womwalira kwawoko.

Maliro atatha, amayi ake a Delvene anaimba foni.

"Zithunzi za a Kumanjayi zija uchotse. Mawu awonso. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Usangoti ndamva. Mayi ako aakulu achoka m'nyumba mwawo, zithunzi zonse tatsitsa pakhoma. Iwenso mwambo ukuudziwa."

Delvene anatseguladi kompyuta kuti afufute. Mnzake wa m'kalasi, Hamish, anasuzumira.

"Wapenga kodi? Ukachotsa mdala ameneyu patsala chiyani? Mchenga ndi ntchentche."

"Kwathu sitionetsa nkhope ya womwalira."

"Kwanuko ndani adzaone? Ingochotsa muvi wolozera kumtengoko. Aphunzitsi okha udzawalondolere. Ukangolandira malikisi, fufuta."

Delvene anachita zomwezo. Anachotsa muvi, bambo aja n'kuwasiya pansi pa mtengo wawo. Amayi ake atafunsanso, anayankha kuti zonse zatheka. Mayeso anakhoza bwino kwambiri. Kufufuta kuja ankangoti mawa, mawa, chifukwa akasungulumwa ankavala magalasi n'kukamvera nthabwala ya mano ija.

Pasanapite nthawi, impso za mayi Noreen zinasiya kugwira bwino ntchito. Anawatumiza kuchipatala ku Adelaide kuti azikawatsuka magazi pamakina. Mzindawo unawaipira. Delvene akapita kukawaona ankawapeza atayang'ana kukhoma, tiyi atazizira.

"Kuno ngakhale mbalame zimalira zachilendo," anatero tsiku lina. "Paja akuti unaika dziko lathu m'kabokosi? Tabweretsa, ndikapondeko kwathu."

Kenako anamuyang'ana m'maso.

"A Kumanjayi unawachotsamo?"

Apa ndi pomwe akananena zoona. Koma anachita manyazi.

"Ndinawachotsa, mayi."

Mumtima ankati akafika kuchipinda kwake afufuta. Atatsegula kompyuta n'kumva mawu aja, analephera kufufuta. Anadzilimbitsa mtima kuti popanda muvi palibe angafike kumtengoko.

M'mawa mwake anawaveka mayi Noreen magalasi ndi kuwapatsa kachipangizo koyendetsera. Iye ankaonera pakompyuta zomwe mayiwo ankaona. Mayi Noreen anaseka koyamba chimwalirireni amuna awo.

"Ee! Si pamene tinatitimira ndi galimoto apa? Iwe mwana, ndiwe mfiti!"

"Muzitsatira mivi yachikasuyo, mayi."

"Mivi ya chiyani? Ine undiphunzitse njira kwathu? Mchenga uwu ndinaukwawa amako asanabadwe."

Anasiya mivi n'kukhotera kumanzere. Delvene anayesa kuwabweza.

"Mayi, uko kulibe kanthu. Tabwererani."

"Kuli mtengo wanga. Ndi pomwe anandifunsira mbeta."

Analambalala thanthwe lija. Delvene anatambasula dzanja kuti azimitse, koma anachedwa. Mawu anamveka chipinda chonse.

"Undijambule mbali iyi, mwana iwe. Mbali inayi mano anasamuka kalekale."

Mayi Noreen anakuwa. Anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi bulangete. Mayi wina wakwawo amene anagona bedi loyandikana anatseka makutu n'kuyambanso kulira. Anamwino anathamangira, osadziwa chomwe chachitika.

Delvene anagwada pambali pa bedi.

"Pepani, mayi. Ndinangochotsa muvi. Ndimati simufikako."

Mayiwo anayankha nkhope ili m'bulangete.

"Ine ndinasiya nyumba yanga, ndinameta tsitsi, dzina lawo ndinalimeza, kuti apite kwawo mwamtendere asamacheuke. Iwe n'kuwamangirira pamtengo azisekedwa ndi alendo? Ndinakufunsa, Delvene. Ndinakufunsa ndi pakamwa pangapa."

Delvene anafufuta zonse pomwepo, ali chigwadire. Sizinatenge ndi mphindi yomwe.

Mayi Noreen akadali ku Adelaide pamakina awo. Delvene amapitabe Lamlungu lililonse atanyamula malalanje. Mayiwo amalandira ndi kuthokoza mwaulemu ngati akuthokoza mlendo. Tsiku lina mtsikanayo anawauza kuti dziko lija analikonza, mulibenso choopsa, angathe kuvalanso magalasi.

"Wanena ndiwe?" anafunsa mayiwo, n'kutembenukira kukhoma.

Kwawo sanakuonenso, ngakhale m'kabokosi.

Phunziro: Kubisa si kuchotsa. Akuluakulu akakuuza kuti chinthu ichi sichionetsedwa, usafunse nzeru kwa munthu amene sadzakhalapo tsiku lolira. Ndipo wokukhulupirira akakufunsa mwachindunji, nena zoona ngakhale zikuchititse manyazi. Ana athu akuphunzira zamakompyuta, n'zabwino, koma asaike pa intaneti nkhope kapena mawu a munthu eni ake atakana. Musangowerenga n'kukhala chete. Atumizireni ana anu ndi anzanu omwe ali kusukulu, lero lomwe, asanalize munthu wosalakwa.