Malata a ku Manje

Kunja kutangoda, Margret Namalawa anamva fungo la labala wopsa m'pikapu. Anali atanyamula malata okafolera nyumba yatsopano ku Manje, pamalo pomwe matope a namondwe wa Freddy anakokolola nyumba yake yakale.

Anaima pachitunda n'kugwira matayala, koma sanali otentha. Atatsegula boneti, anapeza fanibeluti italefuka, ikuterereka mpaka kupserera m'mbali. Anatenga sipanala kuti aikunge.

Kuwala kunadzera paphewa pake. Bambo wina wosamudziwa anali akumuunikira ndi tochi.

"Zikomo, bambo. Unikani cham'munsimu," anatero Margret.

Kuwalako kutatsika, anaona miyendo ya bamboyo. Inali matope okhaokha mpaka m'mawondo, matope aawisi, akudontha. Mvula inali isanagwe chiyambire Epulo.

"Mayi, bwererani," bamboyo analankhula motsitsa. "Kumtundaku tinadzazako kale."

Margret sanaisiye sipanala. Anamanga bawuti, nadina beluti ndi chala. Inali italimba.

"Ngati munadzaza, musendezana," anayankha akutseka boneti. "Ana anga atopa kugona m'nyumba za eni. Malowo ndi anga, ndipo mawa ndifolera."

Atatembenuka, panalibe munthu.

Analiza injini, fungo osamvekanso. Asanalowetse giya, kumbuyo kwa pikapu kunatsika pang'ono. Kunatsikanso, n'kutsikanso, malata akulira ngati anthu akukhalapo mmodzimmodzi.

Margret anatsitsa windo.

"Gwiritsitsani, msewuwu ndi woipa!" anakuwa, naponda mafuta kulunjika kumtunda.