Mzere wa Apongozi

"Aliyense aime kumbuyo kwa amene akumufuna!" anakuwa mlembi wa kopaletivu ya amayi oyenga mafuta odzola kuchokera ku mtedza wa mtengo wa shiya.

Amayi anakhamukira kumbuyo kwa Hajia Lariba, wapampando wachikhalire, mwini chigayo chomwe onse amagayitsako mtedza wa shiyawo. Kumbuyo kwa Fuseina, yemwe analimba mtima kupikisana nawo, kunali chithunzithunzi chake chokha.

Sanatu anatsala pakati, mwana ali kumsana. Hajia ndi apongozi ake, ndipo madzi osamba amawatungira ndi iyeyo.

"Iwe mkazi wa mwana wanga, miyendo yafa?" anaseka Hajia. "Malo ako ndi awa."

Sanatu anapita nakanjuta pamaso pawo monga mwa mwambo, maso ali pansi.

"Kunyumba ndine wanu, amayi. Kuno voti ndi yanga."

Anadzuka, nadutsa bwalo lonse, nakaima kumbuyo kwa Fuseina.

"Ndiye uzikagayitsa kuti mtedza wakowo?" anakalipa Hajia.

"Mtondo ndili nawo, amayi. Munsinso ulipo."

Kenako, kumapeto kwa mzere wa Hajia, patapata za munthu wina zinayamba kulira m'fumbi, zikulunjika kumbuyo kwa Fuseina.