Khomo la Nkhono

Padangokhala Nkhanu, mayi wa ana khumi, kugombe la nyanja yamchere komwe madzi amadzaza n'kuphwanso kawiri pa tsiku. Madziwo akabwera ankamugumulira una, mwinanso n'kumutengera mwana. Atatsala ndi ana atatu, Nkhanu adaleka kulira nayamba kuponya diso pa anansi ake.

Adaona kuti Nkhono akangotseka khomo la chigoba chake, madzi ankafika.

"A Nkhono, lero ndakugwirani!" adakalipa Nkhanu. "Ndinu mukuitana madzi kuti andithere ana."

"Mayi, ine mankhwala ndilibe," adayankha Nkhono. "Mwezi ndiwo umakoka madziwa. Ine ndikangomva mchenga ukunyowa, ndimatseka. Kakumbeni una kumtunda."

"Mwezi uli ndi manja? Ndidaulakwira chiyani ine mwezi? Ngati sindinu mfiti, lero musatseke."

Nkhono adakana. Nkhanu adamemeza abale ake, namusolola Nkhono m'chigoba muja n'kumutaya pamchenga wotentha. Dzuwa lisanapendeke, adali atauma gwa.

Masiku amenewo mwezi udali wathunthu. Madzi adabwera ochuluka kuposa kale, nakokolola ana awiri.

Madziwo ataphwa, Nkhanu adakhala pamatope atafungatira mwana wotsalayo. Kumwamba sadayang'aneko n'komwe. Adamwazamwaza maso pagombe, mpaka adaona Kamba akubweza mutu m'chigoba.

"Mwanawe," adanong'ona Nkhanu, "kani afiti aja adalipo awiri."

Nthano yathera pompo, koma madzi akubwerabe.