Dzina la pa Fomu ya Sajeni Tolhurst

Nthawi yoona odwala itakwana, wodi ya asilikali inadzaza ngati msika. Bedi la Kopolo Fenech lokha linazingidwa ndi anthu asanu ndi awiri: mkazi wake, mayi ake, azakhali awiri, ndi ana atatu amene ankalimbirana kulemba mayina awo pachikhakha cha mkono wake. Pabedi loyandikana nalo, Sajeni Warrick Tolhurst maso anali pachitseko basi.

Warrick anali msilikali wa gulu la ndege, mwa aja odumpha ndi palachuti. Zaka makumi awiri ndi zitatu akudumpha, osathyoka ndi chala chomwe. Ndiye Lachiwiri lapitalo, atangotsala pang'ono kuponda pansi, kamphepo kachabechabe kanamukankhira pampanda wa ng'ombe. Chiuno phwa! Mwendo pawiri. Fenech, amene anadumpha pambuyo pake, mphepo yomweyo inakamukoleka mumtengo wa bulugamu.

Adokotala anali atanena kale mosapsatira kuti zodumpha zathera pomwepo. Koma lero chimene chinkamudya Warrick si chiuno ayi, ndi fomu.

Msilikali aliyense wodumpha amalemba fomu imeneyo chaka ndi chaka: zikavuta, tiimbire ndani? Mzere umenewo ukausiya wopanda kanthu, ndege sukwera. Kwa zaka khumi ndi chimodzi Warrick ankalembapo dzina limodzimodzi, Noelene Braddock, ndi nambala ya foni, podziwa kuti iye sagwa, ndipo palibe adzaimbe. Dzulo akuofesi anaimba. Anamuuza kuti mayiyo anangofunsa dzina la chipatala.

Abwera kodi, kapena sabwera?

"Alamu afika lero, Sajeni?" anafunsa Fenech, kukamwa kuli tho ndi keke.

"Kaya."

"Kaya wachiyani? Zaka zonsezi mwakhala mukutibisira! Kuphwando la Khirisimasi simubwera nawo, tikamaotcha nyama simubwera nawo. Mumaopa tikulandani eti?"

"Tseka pakamwa iwe. Munthu wotera mumtengo ngati kanyama kaja ka koala alibe mawu."

Banja lonse la Fenech linafa nacho chiseko. Warrick anayesa kuseka nawo, kenako anabwezera maso pachitseko.

Kunena zoona, Noelene akanapanda kubwera sakanalakwa. Warrick sanamuuzepo kuti dzina lake lili papepala la boma. Sanamuuzepo zambiri, munthuyu mawu ankachita kuwaumira. Wolankhula anali Noelene, iye n'kumangogwedeza mutu. Komatu akatseka maso ankamumva bwinobwino, mawu ake okhuthala aja, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi: "Mwaondatu inu. Mukumagona koma?" Padziko lonse lapansi panalibenso wina womufunsa funso lotero.

N'chifukwa chake ankaikonda ntchito yake. M'mwamba muja, chitseko cha ndege chikatseguka, aliyense amagwa yekha, wa ana asanu ndi wopanda mwana yemwe. Kumeneko kukhala wekha si manyazi. Manyazi ali pansi pano, nthawi yoona odwala, mpando wa alendo ukamakuyang'ana.

Ola linayamba kutha. Mayi ake a Fenech anabwera mwakachetechete n'kumuikira magawo awiri a keke pakabati.

"Idyani, bambo. Mwina basi yawachedwetsa."

"Zikomo, mayi."

Chifundo chimenecho chinamupweteka kuposa mpanda wa ng'ombe. Anatembenukira kuzenera. Kutali uko, cha kubwalo la ndege, timadontho toyera tinkatuluka m'ndege, kamodzikamodzi, n'kumatambasuka. Anzake anali pantchito ngati palibe chachitika. Anawerenga mpaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, n'kuleka. Anasungulumwa mpaka m'mafupa.

Alendo anayamba kutsanzika. Ana a Fenech anachita kukokedwa akulira. Wodi inatsala ndi fungo la mankhwala ndi la malalanje osenda. Nesi anadutsa akuyang'ana wotchi.

"Kwatsala mphindi zisanu, Sajeni. Nditseke katani?"

"Tsekani. Sabwera."

Nesi asanagwire katani, kukhonde kunamveka nsapato, go go go, za munthu wothamanga koma wolemera thupi. Pakhomo panaima mayi wa imvi, thukuta lili kamukamu, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Mtima wa Warrick unagunda monga sunagundepo pachitseko cha ndege iliyonse. Chimwemwe ndi mantha zinamugwira pamodzi.

"Ndi amenewo?" ananong'oneza Fenech.

"Ndi amenewo."

"Aa, Sajeni, mwaona? Mkazi ndi ameneyu! Wachita kuthamanga."

Noelene anayang'ana bedi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Kenako anatsegula chikwama, natulutsa kapepala kopindapinda, n'kukatalikitsa ndi maso kuti awerenge bwino.

"Pepani anesi, Tolhurst ndi uti? Anandiimbira kuti ndine mbale wake, koma dzinali ine sindinalimvepo chibadwire." Maso ake anagwera pa Warrick, n'kugwira pakamwa. "Mayo ine! Ndinu kodi? Kasitomala wanga wa Lachisanu, nsomba imodzi ndi tchipisi chopanda viniga!"

Warrick anangogwedeza mutu. Dzina ndi nambala anazikopera pachikwangwani cha shopu ya mayiyo, chaka chimene iye anaferedwa mayi ake, atakhala ola lathunthu cholembera chili m'manja osapeza munthu wina womulemba.